Chifukwa chiyani 1:100 ya mu kompyuta imakafika ku saiti itasintha?

M'maofesi ojambula mapulani a nyumba kuno ku Blantyre, madandaulo ena sasowa. Pulani yalembedwa kuti ndi 1:100, koma foromani wa ku saiti ya ku Chileka akaikapo rula, chipinda cha mamita 4 chikutuluka 3.84. Pa pepala lina zilembo ndi zazikulu mopyola muyezo, pa lina sizikuwerengeka n'komwe. Mizere ya mapaipi yomwe imayenera kukhala yodukizadukiza yatuluka yolumikizana. Ongoyamba kumene ntchitoyi amathamangira kuloza chala pulogalamu kapena makina osindikizira, chonsecho gwero lake nthawi zambiri ndi momwe viewport, chibowo cha pa pepala choonetsera nyumba yojambulidwa, inakonzedwera, komanso kusowa kwa miyezo yomwe ofesi yonse inagwirizana. Zitsanzo za m'nkhani ino ndi za AutoCAD, popeza ndi yomwe ambiri amayambira, koma BricsCAD, ZWCAD ndi DraftSight zimayenda mofanana ndithu.

## Nyumba imajambulidwa kamodzi, pa kukula kwake kwenikweni

Kale, pa bolodi lojambulira, munthu ankasankha sikelo asanalembe mzere woyamba. Khoma la njerwa la 230 mm ankalichepetsa kukhala 2.3 mm pa pepala, ndipo akafuna kuonetsa bafa lomwelo pa 1:20 ankalijambulanso kachiwiri. Mwini nyumba akasuntha chitseko chimodzi, wojambula ankafufuta pa mapepala angapo, ndipo limodzi likaiwalika mapulani ankatsutsana okhaokha.

AutoCAD inatuluka mu Disembala 1982, koma ndi mu 1990, pa Release 11, pomwe inagawa ntchito m'malo awiri. Malo oyamba ndi model space, momwe nyumba imajambulidwa pa kukula kwake kwenikweni: m'mamilimita, khoma la mamita 4 ndi 4000, chitseko ndi 900, ndipo mulibe sikelo ina iliyonse. Malo achiwiri ndi paper space, lomwe ndi pepala lenilenilo, momwe 1 amaimira milimita imodzi ya pepala. AutoCAD 2000 inalola kuti fayilo imodzi ikhale ndi mapepala ambiri otere, otchedwa ma layout.

Viewport ndi chibowo cha pa pepalalo chomwe chimaonetsa zomwe zili mu model space. Yerekezani kuti muli m'nyumba ku Nyambadwe yomwe ili ndi mawindo awiri oyang'ana phiri la Ndirande. Pa windo lina mukuliona phiri lonse. Pa lina mwaika magalasi oonera patali ndipo mukuona thanthwe limodzi lokha. Phiri ndi limodzi, silinakule kapena kuchepa, ndipo mtengo ukadulidwa kumeneko mawindo onse awiri aonetsa. N'chifukwa chake sikelo ndi ya viewport, si ya nyumba. Amene amachepetsa nyumba mu model space ndi lamulo la SCALE kuti ikwane mu felemu ya A3 amakhala atabwerera ku bolodi lakale lija, ndipo injiniya kapena wowerengera zipangizo akalandira fayiloyo sangayezemo chilichonse mokhulupirika.

## Kukonza pepala ndi viewport

Zambiri zimawonongeka pa chiyambi penipeni. AutoCAD ili ndi ma template (mafayilo oyambirapo ntchito) awiri odziwika: acad.dwt wa mainchesi ndi acadiso.dwt wa mamilimita. Yambirani pa acadiso.dwt, ndipo onetsetsani kuti INSUNITS ili pa 4, kutanthauza mamilimita. Mukayambira pa winayo, mitundu ya mizere ndi ma hatch (timizere todzaza malo pa chojambula) zimabwera zosiyana ndi zoyenera ka 25.4, ndipo mudzakhala mukulimbana nazo mpaka ntchito kutha.

Mukalowa mu layout, tsegulani Page Setup Manager musanachite china chilichonse. Sankhani DWG To PDF, pepala la ISO full bleed A1 kapena A3, pa What to plot ikani Layout, ndipo sikelo yosindikizira ikhale 1:1. Pamenepa si poika 1:100. Kenako lowetsani felemu ndi bokosi la mutu wa pulani pa 0,0, pa kukula kwake kwa pa pepala. Muyezo wa ISO 5457 umasiya 20 mm kumanzere, kopanira mapepala, ndi 10 mm mbali zina zitatu.

Pangani layer (gulu la zojambula zomwe zimabisidwa kapena kuonetsedwa pamodzi) yakeyake ya ma viewport, muizimitse kusindikiza podina kachizindikiro ka purinta, kenako lembani MVIEW ndi kukoka bokosi. Ambiri amaika ma viewport pa layer ya Defpoints chifukwa siisindikizidwa, koma layer imeneyi inapangidwira timadontho ta ma dimension (miyezo yolembedwa pa pulani) ndipo ndi yomangika ku layer 0: mukachita freeze (kubisa) layer 0, zomwe zili pa Defpoints zimaoneka koma sizisankhika. Musachitenso freeze layer ya ma viewport pofuna kubisa malire ake, chifukwa viewport yomwe inadulidwa mokhotakhota ndi VPCLIP imataya kadulidwe kake.

Dinani kawiri m'kati mwa viewport, yandikirani gawo lomwe mukufuna, kenako sankhani 1:100 pa mndandanda wa masikelo kapena lembani ZOOM, ndiye 1/100XP. Pomwepo dinani kachizindikiro ka loko. Loko ameneyu ndi wofunika kuposa momwe ambiri amaganizira. Viewport yosaloka imasintha sikelo mukangopukusa kawilo ka mouse muli m'kati mwake, 1:100 n'kusanduka 1:93 kapena nambala ina yosadziwika, pomwe mutu wa pulani ukunenabe 1:100. Maso sangaone kusiyanako. Ngati viewport yaing'ono yakhala m'kati mwa yaikulu ndipo ikukanika kulowamo, Ctrl+R imakusunthani kuchoka mu ina kupita mu ina. Ikaoneka yopanda kanthu, yang'anani mu Properties ngati On ili pa Yes. AutoCAD imaonetsa ma viewport osapitirira 64 pa layout imodzi.

Masamu a kukwana kwa pepala ndi bwino kuwachita musanayambe. M'kati mwa felemu ya A3 muli 390 x 277 mm. Nyumba ya mamita 18 kwa 12 pa 1:100 imatenga 180 x 120 mm, ndipo malo a ma dimension ndi mutu wa pulani amatsala ambiri. Pa 1:50 imatenga 360 x 240 mm, ndiye kuti yadzaza pepala lonse popanda poika miyezo. Yankho ndi kupita pa A2 kapena A1, osati kupeka sikelo ya 1:60.

Phindu lina lalikulu ndi VP Freeze. Pulani ya pansi imodzi yomweyo ingathe kutumikira pepala la mmisiri womanga, la wa magetsi ndi la pulambala. Mu viewport ya magetsi mumabisa mipando ndi mapaipi, n'kuchititsa makoma kuoneka otuwa kuti masoketi ndi mawaya ziwale, koma pa mapepala enawo zonse zili momwe zinalili. Freeze wamba ndi Off zimabisa layer paliponse. VP Freeze imabisa mu viewport yomwe mwalowamo yokha.

## Pulani ya poloti ndi fayilo ya oyeza malo

Apa ndi pomwe ngakhale odziwa amapunthwa. Oyeza malo amagwira ntchito m'mamita, ndipo pa manambala osonyeza malo pa mapu Blantyre ili mu UTM zone 36 South, momwe manambala amafika cha m'ma 700,000 kum'mawa ndi 8,250,000 kumpoto. Wojambula nyumba amagwira m'mamilimita, pafupi ndi 0,0. Mukasakaniza ziwirizi mu fayilo imodzi, nyumba imaoneka yaikulu ka 1000 kuposa poloti, ndipo mukakuza poloti kuti ifanane nayo, manambala amafika m'mabiliyoni, ma hatch n'kuyamba kusweka.

Njira yabwino ndi kusiya fayilo ya oyeza malo m'mamita momwe inabwerera, INSUNITS ili pa 6, n'kulowetsamo nyumba ngati xref, kutanthauza fayilo ina yolumikizidwa yomwe imaonekera m'katimo. Mafayilo onse awiri akakhala ndi INSUNITS yolondola, pulogalamu imachepetsa yokha ndi 0.001. Kumbukiraninso kuti sikelo ya viewport imasintha kawerengedwe: mu fayilo ya mamita 1:500 ndi 2XP, 1:200 ndi 5XP, 1:100 ndi 10XP. Mukafuna kuti msewu ukhale mowongoka pa pepala, tembenuzani maonekedwe a m'kati mwa viewport ndi UCS ndi PLAN, musatembenuze poloti. Muvi woloza kumpoto ukhale mu model space kuti uzitembenuka limodzi ndi malowo. Pa malo otsetsereka ngati a ku Chilomoni kapena Soche, muvi wolakwika umasokoneza woona pulani pa nkhani ya komwe madzi a mvula adzalowere ndi mtunda wa nyumba kuchoka m'malire.

## Zilembo, ma dimension ndi mizere yodukiza

Muyezo wa ISO 3098 uli ndi misinkhu ya zilembo monga 1.8, 2.5, 3.5, 5 ndi 7 mm. Pa mapulani a nyumba, 2.5 mm ndi ya mawu wamba ndi miyezo, 3.5 mm ya mayina a zipinda, 5 kapena 7 mm ya mitu. Misinkhu imeneyi ndi ya pa pepala. Kuti chilembo cholembedwa mu model space chituluke 2.5 mm, chiyenera kukhala 250 pa 1:100, 125 pa 1:50 ndi 50 pa 1:20. Kwa zaka zambiri maofesi ankasunga style ndi layer yakeyake pa sikelo iliyonse.

AutoCAD 2008 inabweretsa annotative. Mumauza pulogalamu kuti chilembo chikhale 2.5 mm pa pepala, n'kuchipatsa masikelo omwe chiyenera kuonekamo, ndipo masamuwo imachita yokha. Vuto lodziwika ndi la zilembo zosowa: viewport ili pa 1:50 koma chilembo chinapatsidwa 1:100 yokha, ndiye sichioneka. Chiwonjezereni sikeloyo ndi OBJECTSCALE. Kuyatsa ANNOALLVISIBLE kumaonetsa zonse, koma kumabweretsanso zomwe simunazifune pa pepalalo.

Ena amalemba ma dimension pa layout, pamwamba pa viewport. Zimatheka bola DIMASSOC ikhale pa 2 ndipo nsonga zigwire chinthu chenichenicho. Zikapanda kutero, chitseko cha 900 pa 1:100 chimalembedwa 9, chifukwa pulogalamu yayeza pepala. Chomwe sichiyenera kuloledwa mu ofesi iliyonse ndi kufufuta nambala ya dimension n'kulembapo ina pamanja khoma osalisuntha. Pepala limaoneka bwino, koma zipinda zikaphatikizidwa sizigwirizana ndi utali wa nyumba yonse, ndipo kusiyanako kumakadziwika maziko atakumbidwa kale.

Za mizere yodukiza n'zachidule. Ikani LTSCALE, PSLTSCALE ndi MSLTSCALE zonse pa 1, kenako REGENALL. Timizere tidzakhala tofanana mu viewport iliyonse mosayang'ana sikelo. PSLTSCALE imasungidwa pa layout iliyonse payokha, ndiye muyang'ane mapepala onse.

## Makulidwe a mizere

Pulani imawerengeka chifukwa cha kusiyana kwa mizere. Chomwe chadulidwa, monga khoma pa pulani ya pansi kapena silabu pa section (chojambula cha nyumba ngati yadulidwa kuchokera pamwamba mpaka pansi), chimafuna mzere wonenepa wa 0.5 kapena 0.7 mm. Chomwe chikungooneka, monga sinki, masitepe ndi mawindo pa elevation (maonekedwe a nyumba kuchokera kunja), 0.25 kapena 0.35. Ma hatch ndi mizere ya ma dimension, 0.18. Manambalawa ndi a ISO 128, ndipo ndi omwewo a zolembera za inki monga za Rotring: 0.13, 0.18, 0.25, 0.35, 0.5, 0.7, 1.0, 1.4, 2.0. Iliyonse imaposa inzake pafupifupi ka 1.41, mofanana ndi momwe mapepala amaposerana.

AutoCAD ili ndi njira ziwiri zolamulira zimenezi. CTB ndi yakale: mtundu uliwonse mwa mitundu 255 umapatsidwa cholembera chake, monga zinkakhalira pa makina ojambula ndi zolembera zenizeni. STB, yomwe inabwera ndi AutoCAD 2000, imapereka dzina la kalembedwe ku layer mosayang'ana mtundu. Fayilo imodzi imagwiritsa njira imodzi yokha, ndipo CONVERTPSTYLES ndi yomwe imasintha. Zovuta za CTB ndi ziwiri. Mukatumiza DWG, yomwe ndi fayilo ya chojambula cha AutoCAD, popanda fayilo ya CTB, wolandira amasindikiza ndi yake, khoma n'kutuluka lopyapyala, hatch n'kutuluka yakuda bii. Komanso mitundu ya True Color siimvera CTB, ndiye mzere wachikasu umatuluka wachikasu ndithu ngakhale mutasankha monochrome.ctb, ndipo pa fotokope umazimiririka. Lamulo la ETRANSMIT limasonkhanitsa DWG, ma xref, ma font ndi CTB mu phukusi limodzi.

## Pomwe sikelo imafera: posindikiza

Mapepala a A anachokera ku muyezo wa ku Germany wa DIN 476 wa 1922, womwe unadzakhala ISO 216 mu 1975. A0 ndi 841 x 1189 mm, A1 ndi 594 x 841, A2 ndi 420 x 594, A3 ndi 297 x 420, A4 ndi 210 x 297. Kutsika sitepe imodzi ndi 71 peresenti, masitepe awiri ndi 50 peresenti.

Tanthauzo lake pa ntchito ndi ili. Pulani ya A1 ya 1:100 ikasindikizidwa pa A3 pa 50 peresenti yeniyeni imakhala 1:200, yomwe ilipo pa rula ya sikelo. Ikasindikizidwa pa A2 imakhala 1:141, yomwe palibe rula yake. Ndipo pa A3 paja chilembo cha 2.5 mm chatsika kufika 1.25 mm, chomwe mmisiri sangachiwerenge pa dzuwa pepala litadetsedwa ndi simenti. Ofesi yomwe ikudziwa kuti mapepala ake a A1 adzathera pa A3 ichita bwino kulemba ndi 3.5 mm kuyambira pachiyambi, ndi kuyatsa Scale lineweights posindikiza zochepetsedwa.

Chipinda cha 3.84 chija chimachokera ku batani la Fit to page. Makina ambiri sasindikiza mpaka m'mphepete mwa pepala, ndiye pulogalamu yotsegulira PDF imachepetsa pulani pang'ono kuti ikwane. Ikachepetsa kufika 96 peresenti, mzere wa 40 mm umakhala 38.4 mm, ndipo pa khoma la mamita 4 patayika 160 mm, kuposa theka la njerwa. Mukapita ndi flash ku malo osindikizira ku Ginnery Corner kapena ku Limbe, muwauze kuti asankhe Actual size kapena 100 peresenti, ndipo muyeze pepala loyamba musanalipire ena onse. Pepala lililonse likhale ndi zinthu zitatu: kamzere ka sikelo komwe kamachepa limodzi ndi pulani, sikelo yolembedwa pamodzi ndi pepala lake, monga 1:100 pa A1, ndi chenjezo loti atsatire manambala olembedwa, asayeze ndi rula. Masiku ano mapulani ambiri amafika ku saiti pa WhatsApp, ndipo pa sikirini ya foni nambala yolembedwa ndi yokhayo yomwe imatsala yoona.

## Muyezo wa ofesi

Masikelo ovomerezeka mu ISO 5455 ndi a banja la 1, 2 ndi 5: 1:5, 1:10, 1:20, 1:50, 1:100, 1:200, 1:500. Kawirikawiri pulani ya poloti imakhala 1:200 kapena 1:500, pulani ya pansi, elevation ndi section 1:100 kapena 1:50, tsatanetsatane wa maziko, lintala ndi denga 1:20 kapena 1:10. Mapulani opita ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre ku Civic Centre amawunikidwa pansi pa lamulo la Physical Planning Act la 2016, ndipo ndi nzeru kufunsa ku ofesi yawo za kukula kwa pepala ndi chiwerengero cha makope musanakonze ma layout.

Pa mayina a ma layer pali miyambo ingapo. Wa ku America umalemba A-WALL, A-DOOR, S-COLS, chilembo choyamba chikuimira ntchito ya wojambulayo. ISO 13567 ili ndi kalembedwe kake, Britain inkatsatira BS 1192 mpaka ISO 19650 inatuluka mu 2018, ndipo South Africa ili ndi SANS 10143 ya kajambulidwe ka nyumba. Uliwonse umagwira ntchito ukatsatiridwa ndi onse. Zomwe ofesi yagwirizana ziikidwe mu template ya DWT: ma layer, ma style, felemu, page setup ndi viewport yokonzedwa kale. Fayilo ya DWS, yosunga miyezo ya ofesi, pamodzi ndi lamulo la CHECKSTANDARDS imagwira zopatuka, ndipo LAYTRANS imasandutsa ma layer a injiniya kukhala a ofesi yanu. Gwirizananinso mtundu wa DWG, chifukwa fayilo yosungidwa mu mtundu wa 2018 siitseguka pa AutoCAD 2016.

## Mafunso omwe akadali poyera

Odziwa ntchitoyi sanamvane ngati zilembo ndi ma dimension ziyenera kukhala mu model space kapena pa layout. Oyamba amati zimayenda limodzi ndi nyumba ikasunthidwa kapena ikatumizidwa ngati xref. Enawo amati pa pepala palibe masamu a sikelo ndipo zomwe ukuona ndi zomwe zituluke. Chimodzimodzi CTB ndi STB: STB imamasula mitundu, koma mafayilo akale ndi a anzanu ambiri ndi a CTB.

Palinso funso la tsogolo la luso limeneli. Mu Revit, yomwe Autodesk inagula mu 2002, ndi mu ArchiCAD ya Graphisoft, pulani, section ndi elevation zimachokera ku nyumba imodzi ya 3D, ndipo zilembo zimadzikonza zokha malinga ndi sikelo. Ena amaona kuti ophunzira a ku MUBAS ndi m'makoleji a ntchito zamanja ayambire pomwepo. Ena amati DWG ndi PDF ndi zomwe injiniya, khonsolo ndi kontilakita akugwiritsabe ntchito. Mtengo nawo uli ndi mawu ake: Autodesk inasiya kugulitsa malayisensi ogula kamodzi mu 2016, ndipo kulipira chaka ndi chaka m'ndalama zakunja si kopepuka kwa ofesi ya anthu atatu.

Kodi mabungwe monga Malawi Institute of Architects ndi Malawi Bureau of Standards angagwirizane template imodzi yoti maofesi, masukulu ndi makhonsolo azigwiritsa ntchito, kapena ofesi iliyonse isiyidwe ndi mwambo wake? Nanga mapulani akayamba kulandiridwa ngati PDF basi, woona pulani adzatsimikiza bwanji sikelo popanda pepala loikapo rula? Ndipo poti pulani imalembedwa m'mamilimita ndi m'Chingerezi pomwe amisiri ambiri amayeza m'mafiti ndi mainchesi, malata nawonso amagulidwa m'mafiti, ndani ayenera kumasulira: wojambula pa pepala, foromani ku saiti, kapena sukulu yomwe imaphunzitsa onse awiri?